Mimba ya Sailesi wa Makota

Mlamu wanga Hlengiwe ndiye anandiuza, ndipo anandiuzira pamakwerero a fulati yawo ku Joubert Park, chifukwa mwini nkhaniyo anali m'nyumba. Linali Lachinayi, tsiku langa lopuma, chaka cha 2017 chili kumapeto. Anandigwira mkono ndisanagogode n'komwe.

"Skwiza," anatero, mmene Azulu a m'tauni amaitanira mlamu wawo. "Mlongo wako akutuluka magazi akapita kuchimbudzi. Sizinayambe lero ayi. Ine ndalankhula, ngikhathele, ndatopa. Lankhula naye iwe."

Ine Ratidzo, ndikalankhule ndi mlongo wanga Sailesi za kumbuyo kwake? Hlengiwe ndi mkazi wabwino, koma ndi Mzulu, ndipo sankadziwa chimene ankandipempha. Ife tinabadwira pafamu ya fodya kufupi ndi Mvurwi ku Zimbabwe, m'komboni ya Amalawi. Agogo athu anachoka ku Dedza kalekale, koma malamulo a kwawo sanawataye panjira. Mlongo wako wamwamuna sukhala naye pamphasa imodzi, sulowa kuchipinda kwake, suchapa kabudula wake wamkati. Akadwala kumunsi kwa mchombo, iwe mlongo wake ulibe maso, ulibe makutu. Nkhani imeneyo ndi ya amalume. Tsono amalume athu tinawasiya kumanda a pafamu paja, ndipo ku Joni kuno tinalipo awiriwiri basi.

Ndinalowa m'nyumba, ndinapereka moni, ndinamwa tiyi. Sailesi anali chiimire pazenera, akudya soseji yozizira. Ndinamufunsa za bizinesi, za nyengo, za ana. Madzulo ndinakwera takisi kubwerera ku Rosebank nkhani ija ili m'kamwa, ndipo njira yonse ndinkangosinthasintha kakhalidwe pampando mpaka mayi woyandikana nane anandifunsa ngati ndikudwala.

Kuti mumumvetse Sailesi muyenera kuyamba mwadziwa za nyemba. Pafamu, phoso lathu linali ufa, mchere ndi nyemba zofumbwa. Zikatha, amayi ankatituma kumunda kukathyola bonongwe, chisoso ndi nkhwani. Nyama inkabwera pa Khrisimasi, mzungu akapha ng'ombe yokalamba n'kugawira komboni yonse. Sailesi, amene ndi wamng'ono kwa ine, sankadya nthuli yake nthawi yomweyo. Ankaiika m'thumba la kabudula n'kumainyambita pang'onopang'ono mpaka tsiku lotsatira, agalu a m'komboni ali pambuyo pake.

Famu italandidwa tinavutika zaka zingapo, ndipo mu 2008, m'mashopu mutatheratu zinthu, tinawoloka malire kubwera ku Joni. Ine ndinapeza ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wachizungu ku Rosebank. Sailesi anayamba kunyamula makatoni m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Marlboro. Chaka chomwecho anthu a ku Alexandra, kutsidya kwa msewu, anaukira alendo, ndipo iye anafika pageti la abwana anga ali ndi nsapato imodzi. Ndinamuuza kuti tibwerere.

"Kubwerera ku nyemba, achemwali?" anatero akupumira m'mwamba. "Bola andiphere konkuno nditakhuta."

Patapita zaka zochepa anasiya makatoni n'kupeza kontena yakale pafupi ndi mageti a mafakitale. Anaipaka utoto wofiira, nayamba kugulitsa makota. Kwa amene simunafikeko ku Joni, kota ndi chigawo cha buledi woyera choboola pakati. M'dzenjemo amathiramo tchipisi, poloni wokazinga, soseji yonona imene kuno amati rashani, dzira, ndi atcha wa mango woyandama m'mafuta. Tsamba mulibemo ngakhale lokongoletsera. Makota a Sailesi anatchuka, ndipo belu la nkhomaliro likalira, mzere unkafika kumsewu. Hlengiwe anamupezanso pamzere womwewo.

Anali ndi lamulo lake limodzi pantchitoyo: chotsala sichitayidwa. Nsonga za poloni, marashani opserera amene kasitomala wakana, makoko a pansi pa chiwaya, zonsezo zinali zake. Chakudya cham'mawa chinali chimenecho, chamasana chimenecho, ndipo zotsala za madzulo ankapita nazo kunyumba m'pepala. Sankakhala pansi pakudya. Dzanja lina likutembenuza tchipisi, lina likupita kukamwa. Loweruka ankapita kootcha nyama ndi anzake, n'kutsirira ndi mowa. Mimba inatuluka, ndipo ankainyadira kuposa galimoto. Ankaisisita pamaso pa makasitomala n'kumati, "Chikwangwani changa ndi ichi. Mukufuna umboni wina?"

Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti ku Rosebank ndinkaphikira abwana anga zinthu zomwe tinazithawa zija. Nyemba, mphodza, masamba osaphika n'komwe, buledi wakuda wokhala ndi madeya. Ankazigula m'mashopu odula n'kumazidya monyadira. Nthawi zina ndinkagula nkhwani kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa paki n'kukaphikira banja la Sailesi kufulati, wotendera bwinobwino. Ana ankadya. Sailesi ankangosuzumira m'poto.

"Achemwali, masamba ndinadya okwanira moyo wanga wonse ndisanamere ndevu. Apatseni abwana anuwo, iwo angowayamba kumene."

Ndinkaseka, chifukwa pa nthawiyo inali nkhani yoseketsa. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, ndinkatero, iye n'kuyankha kuti pusiyo anagwa atakhuta.

Hlengiwe atandiuza za magazi zija, ndinayamba kumuyang'ana ndi maso ena. Lamba anali ataboolaboola mabowo atsopano. Khosi linkatuluka m'kolala. Ndipo sindinali ndekha woona. Ku Joni munthu wamwamuna akayamba kuwonda, anthu amangodziwa matenda amodzi. Pamzere wa makota anayamba kukodolana, ena n'kumasamukira kwa mnyamata wogulitsa magwinya, mandasi a kuno, kutsidya. Sailesi anazimva. Anapita kukiliniki ndi anzake awiri kuti akhale mboni, anayezetsa kachilombo, ndipo sanamupeze nako. Za magazi sanamuuze nesi, poti nesiyo sanafunse ndipo mboni zija zinali pakhomo.

Anabwerako akuvina. Loweruka limenelo anagula nyama ya ng'ombe yodzaza beseni, naitana aliyense amene anamunenapo. Kwa iye mlandu unali utatha: kachilombo alibe, ndiye kuti ali bwino, chatsala n'kubwezeretsa mimba kuti makasitomala abwerere. Anayamba kudya mowirikiza, mokakamiza, ngakhale pamene chakudya chinkamubwerera kukhosi. Ine ndinaima pambali pa moto wootchera nyamayo mbale ili m'manja, ndikumva mantha okhaokha.

Poti amalume tinalibe, ndinakabwereka. Abambo Hendrick anali mlonda wa pageti la fakitale ya mapulasitiki, moyang'anizana ndi kontena. Bambo awo anali Mmalawi wa m'migodi, iwo anabadwira konkuno, ndipo anali wamkulu yekhayo amene Sailesi ankamuvulira chipewa. Ndinawapeza m'kanyumba kawo ka pageti, ndinagwada, ndipo ndinazungulira nkhaniyo mpaka anaimva okha.

"Hawu, mwanawe, usade nkhawa," anatero. "Umenewo ndi mudzi basi. Timinofu timatupa kotulukirako, n'kumachucha magazi. Bambo anga anali nawo zaka zonse za kumgodi, koma anafa ndi chifuwa, osati zimenezo. Ndilankhula naye."

Analankhula nayedi. Anamupatsa dzina la matenda, ndipo anamulozera kwa munthu wina wogulitsa mankhwala azitsamba m'mabotolo a zakumwa pafupi ndi siteshoni. Basitu, ndinali nditamupezera Sailesi pobisala. Tsopano Hlengiwe akati tiyeni kuchipatala, yankho linali lokonzeka: ndi mudzi, akuluakulu anena, mankhwala ndikumwa. Komanso ndikatseka kontena tsiku lonse kukakhala pamzere, ana adya chiyani? Nditabwereranso kwa abambo Hendrick patapita miyezi, anatambasula manja.

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, mwanawe. Ine mbali yanga ndachita."

Chaka cha 2018 chinabwera ndi tsoka lina. Boma linalengeza kuti poloni wina ali ndi tizilombo timene tapha anthu, ndipo mashopu anamuchotsa m'mafiriji. Mzere wa pakontena unatha tsiku limodzi. Sailesi anapeza kogula kwina, ndipo pofuna kutsimikizira anthu anayamba kuimirira panja pa kontena nthawi ya nkhomaliro, akudula poloni ndi mpeni n'kumadya pamaso pawo.

"Onani, majita, anyamata inu! Ndafa ine? Ndafa?"

Ena anabwerera, pomumvera chisoni kapena pokonda makota ake. Koma munthu wowonda akamadya pagulu sakopa aliyense. Ovolosi inkamulendewera. Hlengiwe ankandiimbira foni ndili pakati pokolopa: lero wakhala m'chimbudzi nthawi yaitali osachita kanthu, lero watsegula m'mimba, lero wagwira m'mimba n'kukhala pansi pamakwerero. Ine ndinasiya kugona tulo tabwino. Ndinkasita malaya a abwana n'kuwapsereza. Lachinayi lililonse ndinkanyamuka nditatsimikiza mtima kuti lero ndinena, ndipo Lachinayi lililonse ndinkafika, n'kumufunsa za bizinesi. Amene simunakulire m'malamulo amenewa mudzati ndi uchitsiru. Mawuwo sankatuluka, chifukwa chibadwire sindinamvepo mkazi akutchulira mlongo wake zinthu zoterozo.

Linali tsiku lina lotentha kumayambiriro kwa 2019 pamene ndinatsika takisi ku Marlboro osamuuza. Belu linali litangolira. Pamzere panali anthu ochepa, ambiri a iwo Amalawi ndi anzathu a ku Zimbabwe. Ndinaima pambali. Ndinaona Sailesi akusiya chiwaya pamoto n'kuthamangira kuchimbudzi cha kuseri, akubwerako nkhope ili mbuu, akugwira thabwa la pakauntala ndi manja onse awiri. Kenako anatola rashani wopserera n'kuyamba kutafuna, thukuta likutsika. Mnyamata wina wa m'fakitale anaseka.

"Bra Sailesi, ingoyambani kumwa ma ARV basi. Palibe chamanyazi masiku ano."

"Ndinayezetsa ine!" anakuwa Sailesi. "Funsani amene ndinapita nawo! Ndilibe kanthu ine!"

Atatembenuka kuti atenge buledi, ndinaona banga kumbuyo kwa ovolosi yake. Sindikudziwa kuti ndinayenda bwanji kufika pakauntala.

"Iwe Sailesi," ndinatero, ndipo mawu anga anamveka mpaka pageti la abambo Hendrick. "Ukutuluka magazi kumbuyo chaka chatha chonse ndi chinzake. Ali pa ovolosi yakoyo panopa. Si kachilombo, tamva. Ukuti ndi mudzi, anakuona ndani? Ukufa uli chiimire, ukutafuna soseji, ndipo ine ndatopa kukhala ngati sindikudziwa!"

Mafuta okha ndiwo ankalira m'chiwaya. Azulu amene sanamve Chichewa anafunsa anzawo, ndipo anzawo anawamasulira monong'ona. Mmodzi anaika kota yake pakauntala asanailume n'komwe. Abambo Hendrick analowa m'kanyumba kawo n'kutseka chitseko. Sailesi anazimitsa gasi pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

"Achemwali, mwandivula pagulu," anatero motsitsa mawu. "Kuyambira lero ine mlongo ndilibe."

Ndinalira m'takisi njira yonse. Koma sindinapepese, ndipo mpaka lero sindipepesa. Ndinkadziwa chimene ndachita: palibe amene akanagulanso chakudya kwa munthu amene zamveka zotere za iye. Kontena inakhala yotseka. Ndipo poti panalibenso bizinesi yoti aziilondera, Hlengiwe anamukoka dzanja kupita naye kukiliniki, n'kunena yekha kwa nesi zimene mwamuna wake ankakana kunena.

Kuchokera pamenepo inali mizere yokhayokha. Kiliniki inawatumiza kuchipatala chachikulu, chipatala chinawapatsa tsiku lakutali, tsikulo litafika anawapatsanso lina. Ine ndinkapita nawo ngakhale sankandilankhula. Ndinkakhala kumapeto kwa benchi, iye kumapeto enawo, Hlengiwe pakati akutembenukira uku ndi uku. Pomaliza anamulowetsa kachipaipi kokhala ndi kamera m'matumbo, nadulako kanyama kokayeza.

Dokotala anali mtsikana, wamng'ono kwa tonsefe. Anatiitana tonse atatu. Anati ndi khansa ya m'thumbo lalikulu, chakumunsi, ndipo yakula. Anafunsa kuti magazi anayamba liti. Sailesi anati posachedwapa. Hlengiwe anatchula chaka chenicheni, ndipo dokotala analemba. Kenako anafunsa za chakudya. Hlengiwe anayamba kutchula: poloni, marashani, masoseji a viyena, nyama yootcha, buledi woyera, mowa Loweruka. Masamba? Hlengiwe anapukusa mutu. Nyemba, zipatso? Anapukusanso.

"Ndiye ndi poloni woipa uja wa chaka chatha?" anafunsa Sailesi. Ndinamva kuti akufuna wina woti amuloze chala.

Dokotala anati ayi, zija zinali zina. Anati sangaloze chinthu chimodzi n'kunena kuti ndi ichi, chifukwa alipo ena amene amadwala khansa imeneyi akudya bwinobwino, ndipo nthawi zina imayenda m'magazi a pabanja. Koma nyama zopangidwa kufakitale ngati zimenezi, nyama yofiira yambiri, mowa, kunenepa, ndi kusowa zakudya za madeya ndi masamba zimene zimathandiza matumbo kuyenda, zonsezi zikamachitika tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri zimawonjezera chiopsezo. Anati magazi a kuchimbudzi nthawi zambiri amakhaladi mudzi, koma palibe amene angadziwe popanda kuona. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti poti ndine wa bere limodzi ndi wodwalayo, nanenso ndikayezedwe, ndipo ana akadzakula adzauzidwe.

Sailesi anaseka kaseko kouma. "Ndiye kuti nyemba zofumbwa zija zinali mankhwala?"

Anamuchita opaleshoni m'nyengo yozizira. Anachotsa mbali ya thumbo pamodzi ndi njira yotulukira chimbudzi, n'kumuboola pamimba, kumanzere, pomwe anamatapo kathumba kolandirira chimbudzicho. Anatiuzanso kuti aona timadontho pachiwindi, ndipo akachira bala ayamba kulandira mankhwala amphamvu a m'mitsempha. Sanatilonjeze kanthu. Ndinafunsa dokotala panja kuti zikanakhala bwanji akanabwera magazi atangoyamba. Anandiyang'ana, nati tiyeni tione za kutsogolo. Ndinamva yankho lake.

Masiku onse a m'wodi Sailesi sanandilankhule. Ndikabwera ndi phala la mgaiwa ankatembenukira kukhoma, ndikachoka n'kumadya. Hlengiwe ndiye ankandiuza kuti mbale yatha.

Tsiku loti atuluke, Hlengiwe sanathe kubwera. Masiku ake opempha kuntchito anali atatha, ndipo abwana ake anamuuza kuti akajombanso asabwererenso. Ndinapita ndekha ndi zovala m'chikwama. Ndinapeza nesi wachikulire ataima pabedi ndi thireyi ya timathumba, lumo ndi thonje. Anati wodwalayu manja ake akunjenjemerabe, ndipo samutulutsa mpaka wina wa kunyumba ataphunzira kusintha kathumbako ndi kutsuka pabalapo.

"Uyu ndi ndani wako?" nesi anamufunsa Sailesi, akundiloza.

Sailesi anali atayang'ana kukhoma. Nesi anakoka makatani kuzungulira bedi, ndipo ine ndinaika chikwama pansi n'kutembenuka kuti ndituluke, monga ndinaphunzitsidwira. Ndinali nditagwira kale katani.

"Ndi achemwali anga," anatero. Mawu ake anali aang'ono. "Achemwali, musatuluke."

Ndinaima pomwepo.

"Bwerani mbali ino. Kuno ndiye kukuoneka bwino."

Anagona chagada, anatseka maso, ndipo anakweza yekha bulangete ndi malaya a chipatala. Mimba ija inali itatheratu, nthiti zili pamtunda. Misozi inkatsikira m'makutu mwake, koma malayawo sanawasiye. Ndinapita pasinki kukasamba m'manja, ndinabwera mbali imene ananena, ndipo nesi anayamba kundionetsa pogwira.